Kinta ya achimwene

Mwana wanga wamkazi atanditchulira kwawo kwa mnyamata wofuna kumukwatira, ndinagwira pakamwa. Fonte Boa! Midzi yonseyi ili mu Angoniya muno, iye n'kukatola wa kumishoni. Mnyamatayo ndinalibe naye chifukwa. Vuto linali ankhoswe. Mbali yathu nkhoswe ndi achimwene anga, poti ndiwo malume ake. Mbali inayo anali bambo amene kale ankatsogolera timu ya mpira ya kumishoni. Awiriwa akakumana pamsika wa Ulongwe, aliyense ankayang'ana kumwamba ngati akuyeza mvula.

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, anyamata a m'mudzi mwathu anapanga timu. Nsapato analibe, malaya anali akaunjika osafanana, koma mpira ankautha, zimenezo musandifunse. A kumishoni ankatinena kuti Amalawi, poti ife tinkati timu pamene iwo amati ekipa. Chaka china midzi inalimbirana chikho, ndipo kumapeto tinatsala ife ndi iwo. Achimwene, amene anali goloboyi wathu, anapita okha kumsonkhano wokonza tsiku. Atabwerako anati, "Lachisanu."

Lachisanulo tinanyamuka mudzi wonse, ng'oma patsogolo, ife akazi nthungululu pambuyo. Kufika pabwalo, zii! Mbuzi zokhazokha. Mayi wina wochokera kumadzi anatiuza kuti mpira unali dzulo, Amalawi anathawa, chikho anapatsidwa eni bwalo. Anyamata athu anapsa mtima, analowa m'bwalo, anamwetsa chigoli m'golo mopanda munthu, n'kulengeza kuti akatswiri ndi iwo. Mpaka lero funsani kwathu, akuuzani kuti chikho chija n'chathu. Funsani kumishoni, akusekani.

Koma pobwerera ng'oma sizinalire. Manong'onong'o anayambira m'njira momwemo: wagulitsa timu, wadya za kumishoni. Mawuwa anawakakamira achimwene ngati chisoso pa chitenje. Ine ndinamenyana ndi mkazi wina kudimba chifukwa cha mawu amenewa, ndipo sindinapepese. Achimwene anausiya mpira, anagula njinga n'kumanyamula katundu pamalire pa Kalomwe. Ndi Chipwitikizi chomwe anadana nacho, poti ndi cha anthu amene anawanamiza.

Tsiku lokumana ankhoswe ndinawapempha pachipata. "Achimwene, chonde, za mpira zitsale panjinga pomwepo. Mwana wanu asafere za eni."

Ndinakhala kuseri kwa chitseko, kumasankha kachewere m'lichero, makutu ali pakhonde. Moni anapatsana wouma gwa. Komabe nkhani zinayenda, mpaka anafika pa tsiku la chinkhoswe.

"Tichite kinta ya sabata yamawa," anatero bambo a kumishoni aja.

"Chabwino, Lachisanu," anayankha achimwene.

"Iyayi, kinta. Lachinayi."

Mpando wa achimwene unalira. "Mwayambanso! Ine sukulu ndinalekera kalasi ya kinta nkhondo isanatithamangitse. Kinta ndi chachisanu. Musandiphunzitse kuwerenga, ndinu ndani?"

Ndinangoti basi, ukwati wa mwana wanga wathera pakhonde langa lomwe.

Kenaka bambo aja anafunsa motsitsa mawu, "Pamsonkhano wa mpira uja, aphunzitsi olengeza tsiku analankhula Chipwitikizi. Inu munamva chiyani?"

"Kinta! Ndi makutu angawa."

"Mayo ine! Akulu, Apwitikizi masiku amayamba kuwerengera Lamulungu. Lolemba n'lachiwiri kale kwa iwo. Kinta imagwa Lachinayi." Anapuma. "Ife tinakudikirani mpaka dzuwa kulowa. Chikho chija sindinakondwe nacho. Ine ndinkafuna kukumwetsani chigoli inuyo, anthu akuona."

Ndinasuzumira. Achimwene anali kupinda zala, milomo ikuyenda, kuyambira Lamulungu. Anafika pa chala chachisanu n'kuima. Anabwerezanso. Bambo aja anayamba kuseka, ine kuseri kuno ndinaphulika nako, kachewere mbwee pansi. Kupepuka kwake! Ndinamva ngati ndatula mtolo wa nkhuni umene ndinaiwala kuti uli pamutu.

Achimwene okha sanaseke. Maso anali atafiira.

"Mawu amenewa," anatero, "mukawanene pachinkhoswe. Anthu a kwathu akamve kwa inu."

Anakawanenadi, ataimirira, pamaso pa midzi iwiri. Mkazi ndinamenyana naye uja analipo, tsopano n'gogo ngati ine, ndipo ndinamuyang'ana mpaka anawerama. Za mwini chikho sanagwirizanebe. Madala awiriwo anakangana mpaka thobwa kutha. Zimenezo ndilibe nazo ntchito, akangane mpaka kumanda.

Chinkhoswecho chinali Lachinayi. Achimwene anafika Lachitatu m'mawa, jekete ili kale pathupi, n'kukhala pakhonde kudikira.