Nyanga za a Tadeyo

Fungo la phula likandipeza, ndimaona agogo anga aamuna, a Tadeyo, atakhala kuseri kwa nkhokwe m'mawa kwathu ku Dedza, akufewetsa phula la njuchi pakati pa zala, nyanga za ng'ombe zili m'lichero pambali pawo, nkhuku zikupalasa m'tiziduswa ta mitengo yosemedwa, munthu wina atagona chafufumimba pamphasa akubuula. Ntchito yawo inali yosema mipini ndi mitondo. Kulumika ankachita pongothandiza anthu.

Ana a lero kulumika sakudziwa. Agogo ankatema timphini pakhungu, n'kuvundikirapo nyanga yoboola kunsonga, n'kuyamwa mpweya ndi pakamwa, kenako n'kutseka kabowoko ndi phula. Nyanga inkakakamira yokha, ikukoka magazi. Olumika analipo ambiri. Agogo ankasiyana nawo pa chinthu chimodzi: asanagwire lumo ankayamba ayendetsa chala. Munthu akati mutu, iwo ankatsika ndi chala chachikulu m'khosi, paphewa, m'mkono, akudina pang'onopang'ono, mpaka mwini wake atadzidzimuka pamalo pamene sankadziwa n'komwe kuti pakupweteka.

"Ululu uli ndi mpita ngati mbewa," ankatero. "Iwe ukulondera pauna, iyo ili kumunda."

Ndili Sitandade 3 ndinagwa pangolo. Msana unauma ngati thabwa, moti kuwerama kuti nditole mwala sindinkatha. Mayi ananditengera kwa bambo awo. Agogo anandigoneka pamphasa ija, n'kuyamba kutsika ndi chala, m'chiuno, m'ntchafu, mpaka kuseri kwa bondo. Atadina pamenepo ndinakuwa.

"Khala chete, mwamuna iwe. Wapezeka."

Nyanga anaiika pomwepo, kuseri kwa bondo, msana n'kuusiya. Ndikukumbukira kuzizira kwa lumo, mpweya wawo wonunkha fodya wa m'mphuno, ndi khungu likukokedwa ngati likufuna kulowa lonse m'nyangamo. Msana unamasuka pang'onopang'ono. Sindikunena kuti ankachiza aliyense. Ena ankangowayang'ana n'kuwauza kuti, "Ichi si changa, pitani kuchipatala lero lomwe."

Anali mkhristu. Ankaimba besi, ndipo mabenchi a m'tchalitchi mwathu ena anakhoma ndi iwo. Koma kunabwera abusa atsopano amene sankafuna kumva za nyanga, nyanga iliyonse. Tsiku lina masana akulu a mpingo anafika pakhomo, atatsogozedwa ndi a Yohane, munthu amene agogo anamulumikapo kambirimbiri.

"A Tadeyo, mpingo wati nyanga izi muzitenthe."

"Zalakwa chiyani?"

"N'zachikunja."

"Ng'ombe yake munadya nawo paukwati wa mwana wanga. Nyama inali yachikhristu, nyanga yokha n'kukhala yachikunja?"

A Yohane anati iwo angotumidwa.

"Tavulani malaya, a Yohane, anzanuwa aone msana wanu."

Malaya sanavule. Agogo nawo nyanga sanatenthe. Anawadula mumpingo. Lamulungu lililonse ankavalabe jekete lawo n'kukakhala kumbuyo kwenikweni, pabenchi yokhoma okha, mgonero n'kumawadutsa. Anthu omwewo amene ankawalambalala kutchalitchi, Lolemba ankabwera kudzagona pamphasa.

Anamwalira ndili kale mnyamata wa ndevu. Pamaliro pawo panalibe mlaliki, panalibe nyimbo. Ndinkangomva makasu akugunda dothi ndi mayi anga akulira chapansipansi ngati akuba. Munthu amene anaimba pamaliro a mudzi wonse tinamuika ngati galu wa mlendo. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi chakudya chimandikanika.

Choipa china chinatsatira. Kwathu dzina la munthu wamkulu silifa. Limapatsidwa kwa mwana wobadwa pambuyo, kuti mwini wake azitchulidwabe pakhomo. La a Tadeyo palibe analitola. Abale ankaliopa ngati lili ndi nthenda. Ine Mulungu anandipatsa ana aakazi okhaokha, ndiye ndinangolisunga mumtima, ndikudikira.

Tsopano ndimakhala kutsidya la nyanja, ku Edmonton, kwa mwana wanga womaliza, Esinati, namwino pachipatala chachikulu cha kuno. Ananditenga mayi ake atamwalira. Chaka chatha anabereka mwana wamwamuna, ndipo iye ndi mwamuna wake anandipatsa ulemu woti ndimutche dzina. Sindinachedwe. Ndinati Tadeyo.

Esinati anasintha nkhope. "Aja a nyanga aja? Ayi adadi, pepani. Maina amanyamula mizimu. Abusa athu anatiphunzitsa."

Munthu sanawaonepo n'komwe. Anangomva za m'maluwa kwa azakhali ake. Mwanayo anamutcha Jedeni, dzina limene sindidziwa kuti ndi la mtundu wanji. Ndinazisiya, poti nyumba si yanga.

Kuzizira kutafika, msana uja unayambiranso. Mapiritsi anandilemetsa m'mimba. Esinati anati kuli mayi wina wa ku China ku Ilford, dera lina la mzinda womwewu, amene anathandiza mnzake wa kuntchito, ndipo tinakwera basi. M'sitolo mwake munkanunkha mizu youma. Pakhoma panali chithunzi cha munthu wosavala, mizere itayenda kuchokera kumutu mpaka kuzala za kumapazi, ili ndi timadontho. Mayiyo anandigwira pamkono, anandiona lilime, n'kulankhula ndi Esinati m'Chingerezi chothamanga.

"Akuti mphamvu ya m'thupi imayenda m'njira zake, amati ma meridian," Esinati anandimasulira. "Yanu ina yatsekeka, ndiye akufuna ayibalanse kuti iziyenda bwino."

Ankamasulira mwaulemu, akugwedeza mutu ngati ali muulaliki.

Ndinagona chafufumimba. Mayiyo anatsika ndi chala, m'chiuno, m'ntchafu, mpaka kuseri kwa bondo, n'kudina. Sindinakuwe, ndine wamkulu. Anabayapo kasingano, kena pakakolo. Kenako anatenga timakapu tagalasi, n'kumalowetsamo moto pang'ono, n'kumativundikira pamsana. Khungu linayamba kukokedwa. Ndinakadziwa kakokedwe kameneko. Ndinagona pamenepo nkhope ili m'bowo la bedi, mtima ukuwira.

Mayiyo ndilibe naye mlandu. Akugwira ntchito ya makolo ake masana, pamsewu waukulu, satifiketi ili pakhoma, ndipo palibe wa kwawo amene amachita naye manyazi. Mlandu ndili nawo ndi ife.

Pobwerera m'basi ndinamufunsa.

"Esinati, makapu aja ndi achikhristu?"

"Adadi, musayambe."

"Ndangofunsa."

"Zija ndi treatment, anthu amapitira kusukulu. Ndipo satema munthu. Lumo limodzi mudzi wonse, mukudziwa matenda amene amayenda choncho? Ine ndimawaona ku ward."

Za lumo ananena zoona, ndipo ndinavomera.

"Ukanati lumo, ndikanakumvera. Iwe unati mizimu. Nanga mizere yapakhoma ija unaionapo m'thupi la munthu kuchipatala kwanuko?"

"Ayi."

"Koma wagwedeza mutu. Wa ku China akanena njira, ndi nzeru. Agogo anga atanena mpita, anaikidwa opanda nyimbo."

Anayang'ana pawindo mpaka tinatsika.

Msana ukupwetekabe, masiku ena pang'ono, masiku ena kwambiri. Ukachepa, kaya ndi masingano, kaya n'kuyenda kumene ndimayenda m'paki, sindidziwa. Esinati sanapepese, ine sindinamupemphe kuti apepese. Pamapepala mwana ndi Jedeni. Koma makolo ake onse ndi a mashifiti, ndipo masana amatsala ndi ine. Ndimamuitana Tadeyo. Amatembenuka.

Esinati akudziwa. Poyamba ankandidzudzula, kenako anatopa. Sabata yatha, akuthamangira kuntchito, nsapato imodzi ili kumanja, anakuwa ali pakhomo.

"Adadi, mkaka wa Tadeyo wanuyo uli mufiriji."

Ananena monyodola, ndinamva. Chifereni agogo, kupatula ine, palibe wa magazi athu anali atatchulapo dzina limeneli poitana munthu wamoyo. Ndinanyamula mwana n'kukatenthetsa mkaka.