Nyimbo yanu yatuluka, achimwene

Achimwene, nyimbo yanu ya rock ija yatuluka. Anzanu a m'bandi aitulutsa sabata yatha, patatha chaka chitisiyireni. Dzulo ndinaimva m'minibasi ya ku Matawale, kondakitala akugwedeza mutu, mayi wina akuti, "Tsitsani wailesiyo adalaivala, izi n'za Satana." Ine mtima unali kuphiri. Mukukumbuka m'mawa uja ku Mulunguzi? Nkhungu inameza mitengo yonse, inu mukujambula mkokomo wa madzi woti muyambire nyimboyi. Munandipatsa foni n'kunena kuti, "Iwe, gwira apa, usayankhule." Ine osazindikira, ndinayamba kuimba chapansipansi nyimbo ya kukwaya. Simunafufute. Mawu anga alimo, akuyandama pamadziwo, magitala asanayambe kulira.

Kunena zoona, ndimada nkhawa ngati Ambuye amalandira nyimbo zotere, ndipo ndinkaopa kuwaikira amayi, poti gitala yanu sankaifuna m'nyumba. Lero titaweruka kutchalitchi ndalimba mtima. Amvetsera mpaka kumapeto atatsinzina, n'kupukusa mutu. "Phokoso lokhalokha, mwana ameneyu." Apukuta m'maso ndi chitenje, kenaka akuti, "Taibwerezanso."