Odi pa khonde la phungu

Fungo la fumbi la chimanga chouma limandibwezerabe ku chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Inali nyengo yokolola ku Indiana, m'dziko la America, komanso nyengo ya zisankho. Tinkakhala ku South Bend, koma amayi anali namwino pa kachipatala kena kakumidzi, kutali chakummwera. Kenako kunamveka zoti kachipatalako katsekedwa. Mapepala athu okhalira m'dziko muno anali omangirira pa ntchito imeneyo, ndiye ikatha, ife tinali oti tilongedze.

Amayi anasiya kuimba potsuka mbale. Loweruka lina m'mawa, iwo ali ku shifiti, bambo anasita suti yawo ya kutchalitchi. Anatenganso thumba la mpunga wa Kilombero umene amayi ankausungira Khirisimasi.

"Tadala, vala nsapato zabwino," anandiuza. "Tikukaonana ndi a phungu a dera la kachipatala kaja, tikawapemphe kuti kasatsekedwe. Kwa akuluakulu sapita chimanjamanja."

Msewu wake unali wowongoka ngati chingwe. Uku chimanga, uku chimanga, makina okolola akufwetula fumbi, nkhokwe zazitsulo, zikwangwani za kampeni zozikidwa m'kapinga. Munthu woyenda pansi sitinamuone ndi mmodzi yemwe. Bambo anati dera lonselo lili ndi munthu mmodzi yekha woliyankhulira ku nyumba ya malamulo ku Indianapolis. Kwawo kwa phunguyo tinachita kufunsira pomwetsera mafuta.

Inali nyumba yoyera, yokhayokha pakati pa minda. Pachitseko panali belu, koma bambo sanalikhudze. Anaima chapatali, naomba m'manja. "Odi! Odi kuno!" Kunali zii. Katani inagwedezeka, ndipo bambo anati atiwona, tidikire, munthu wamkulu safulumizidwa. Tinakhala pa masitepe a khonde, thumba lili pakati pathu, galu akuuwa m'nyumbamo. Mphepo inkandilowa mpaka m'masokosi. Ndinadandaula m'Chingerezi kuti ndikuzizidwa, iwo anandiyankha m'Chichewa kuti ndipirire.

Tinadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi. Amene anabwera sanali phungu ayi, inali galimoto ya apolisi. Mayi wa m'nyumbamo anali yekha, ndipo chimene anaona ndi munthu wakuda wachilendo akukuwa, atanyamula thumba, osachokanso, ndiye anaimbira apolisi. Bambo ataona wapolisi anachita zimene anakula nazo. Ananjuta, maso pansi, dzanja n'kulowa m'jekete kuti atulutse kalata imene analembera phunguyo.

Mayo ine! Wapolisi anakuwa, dzanja lili pa mfuti. Bambo anawagoneka chafufumimba pa timiyala ta pabwalo, tsaya pansi. Thumba lija analing'amba ndi mpeni, mpunga n'kukhuthukira m'dothi. Ndinachita mantha, ndipo pamwamba pa manthawo ndinali ndi manyazi oopsa.

Wapolisi anatembenukira kwa ine, nandifunsa chimene tikufuna. Ndinayankha ndi Chingerezi changa cha kusukulu, chosalala bwino ngati chake. "Pepani, bambo angawa sadziwa mmene zinthu zimayendera kuno." Nkhope yake inamasuka. Anawerenga kalata ija, nawalola bambo kudzuka, natiuza kuti phungu kulibe, ali kokopa anthu. Bambo anasasa fumbi m'mawondo mwakachetechete. Mawu anga aja anali atawamva onse.

Pobwerera wailesi sinayatsidwe. Tili pafupi kufika, anangoti, "Amayi ako usawauze." Kachipatala kanatsekedwa chisanu chisanathe. Amayi anasakasaka ntchito mpaka kuwonda, n'kuipeza ku Indianapolis patangotsala masabata ochepa kuti mapepala athe. Tinasamukira ku kafulati ka pafupi ndi Lafayette Road, ndipo bambo anasanduka munthu wa mawu ochepa.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira zimene ndinamuuza wapolisi uja. Pano ndakula, ndimavota, ndipo ndaona kuti phungu amatchera khutu kwa amene ali ndi voti m'dera lake. Bambo zimenezi ankazidziwa kalekale. Voti analibe, m'deralo sankakhalamo, dzina lawo palibe ankalidziwa. Chimene anatsala nacho chinali ulemu basi, ndipo anapita nawo wonse monga anauphunzirira kwawo. Ine mwana wawo ndinaupepesera kwa mlendo iwo ali gone pansi. Mpaka lero nkhaniyi sitinaikambepo.