Njinga ya Bwana Itapukusa Mutu

Sipanala ya amalume ndimaikumbukira kuposa nkhope yawo. Inali yakuda, yosalala pogwirira, yokulungidwa m'kansanza konunkha girizi. Ankaisomeka kudenga, ndipo mwana akaikhudza khutu linkapotokoledwa.

Tinkakhala ku Thyolo, pa malo a mzungu wa tiyi. Amayi ndi amalume anachokera kwa Apwitikizi ali ana, ndipo kanyumba kathu ndi kamunda ka chimanga tinkazilipira ndi ntchito ya thangata. Amayi ankathyola tiyi, ine ndikulera khanda lawo m'mbali mwa msewu. Amalume ankasamala njinga yamoto ya bwana, ntchito imene anaiphunzira ku nkhondo ya Ajeremani. Kupukuta, kupopa, kukankha, zonse zinali zawo. Kukwera kokha ayi.

Dzinja lina, chimanga chitangomasula, bwana anapita ku Luchenza kukatenga bokosi la mabotolo lobwera pa sitima. Amalume anamuchenjeza chipewa chili m'manja kuti bokosilo lidzasenzedwe pamutu, poti njingayo sinkakonda katundu kumbuyo. Ndani akanamvera? Bwana analimanga yekha, kunsonga kwenikweni kwa njinga.

Masana tinamva njinga ikulira pamwamba pa chitunda, ikubwera ndi liwiro. Itafika pakati pa mtsetse, chiwongolero chinayamba kumenya uku ndi uku ngati mbuzi yokana chingwe. Bwana anaumitsa mikono, naponda mabuleki. Basi, khuu! m'ngalande. Fungo la mowa ndi petulo linadzaza mundawo. Amayi onse othyola tiyi anazika nkhope m'masamba, chifukwa kuona mzungu atagwa kunali mlandu.

Amalume anafika akuthamanga. Bwana, matope ofiira mpaka m'makutu, ankakalipa kuti amalume ndiwo awononga njinga. Apa mawu ofunika anali awiri okha: pepani bwana. Amalume akanalandira zikoti zingapo, nkhani n'kutha. Mpaka lero ndimawakwiyira kuti sanawanene. Koma munthu wonyadira ntchito yake ngovuta.

"Njinga ilibe mlandu, bwana," anatero amalume. "Katundu wakumbuyo wapeputsa tayala lakutsogolo. Ikayamba kupukusa mutu musalimbane nayo."

Ananena zimenezo anthu onse akumva.

"Kwera iwe, tione," anatero bwana.

Amalume anawongola chiwongolero. Analamulidwa kudzaza miyala m'bokosi muja ndi kulimanga pomwe linali. Anaikankha kukwera chitunda, thukuta lili kamukamu. Amayi ananong'ona m'Chilomwe kuti mlongo wawo akugulitsa nyumba. Ine sindinamve tanthauzo lake, maso anali kumsewu.

Inabweranso ndi liwiro lomwe lija, ndipo pamalo omwe aja inayamba misala yake. Amalume sanaponde mabuleki. Anaweramira kutsogolo, chifuwa pafupi ndi thanki, mawondo atapana njinga, mikono ili lobodo. Moto ankauchepetsa pang'onopang'ono. Chiwongolero chinamenya kanayi kapena kasanu, kenaka zii. Anadzaima pamaso pa bwana, natsika, navulanso chipewa.

Ine ndekha ndinawomba m'manja, khanda likudumphadumpha kumsana. Mbama imene amayi anandipatsa inandilizitsa khutu mpaka madzulo.

Bwana sanamenye munthu. Ndinayesa kuti tapambana.

Patapita masiku atatu kapitawo anabwera ndi amuna a zikwanje. Ena mwa iwo tinkapemphera nawo Lamulungu. Anatchetcha chimanga chathu chonse chisanakhwime, madzi ake akutuluka m'mapesi, kenaka anagwetsa denga. Sanatiyang'ane kumaso. Kapitawo anangoti malo ano si athu, tichoke dzuwa lisanalowe. Chaka chimenecho tinadya zikhawo ndi nthochi zosapsa kwa eni ake, ndipo khanda lija silinafike pa masika. Anthu amati zakale n'zakale. Anene okha, ine zimandiwawabe.

Tinayenda wapansi kulowera ku Masambanjati, mphasa ndi miphika pamutu, mvula ikuwaza. Amalume ankatsogola osacheuka, ndipo amayi sankawalankhula. Ine m'njira monse ndinkafunsa funso limodzi, mpaka amayi anandiopsezanso ndi dzanja.

"Koma amayi, tikuchokeranji? Si amalume sanagwe?"

Sindinkadziwa kuti mlandu wathu unali womwewo.