Tsiku Limene Ndinapala Ndere

Amuna anga anali aphunzitsi a sayansi, ndipo chimene ankachikonda kuposa zonse ndi ndere. Inde, ndere, zobiriwira zoterera zija. M'mphepete mwa khonde lathu kwa Malemia, pamene madzi a padenga amadonthera, zinamera zambiri pa njerwa. Iwo ankagwada pamenepo ndi kagalasi kawo kokulitsa zinthu, n'kumandiuza kuti zomerazi zilibe mizu, zilibe maluwa, ndipo kuti zibereke zimadikira dontho la mvula loti mbewu yaimuna isambiremo kukapeza yaikazi. Kenako pamatuluka timapesi toonda ngati tsitsi, tokhala ndi timitu timene timaphulika n'kumwaza fumbi lomeretsa ndere zina. Ine ndinkangowaseka kuti munthu wamkulu ndi ndevu zake kugwadira litsiro, anzawo akuwokera mpunga kudambo.

Sitiroko itawagwira, mawu anatha, mbali yakumanja inafa. Tinkawakhazika pamkeka pakhonde pomwepo. Mvula itakhazikika mu Januwale, timapesi tija tinatuluka. M'mawa uliwonse ankaloza ndi dzanja lamanzere, ine n'kuwapatsa kagalasi. Ankadikira kuti timitu tikhwime aone tikuphulika. China chowadzutsa m'mawa panalibe.

Ndiye kunabwera uthenga woti amayi a kumpingo abwera Lachinayi kudzapemphera nawo. Ine manyazi anandigwira. Pakamwa pa amayi aja ndimapadziwa, akanakafalitsa kuti wodwala ndikumugoneka pa uve. Lachitatu masana, amuna anga ali m'tulo m'nyumba, ndinatenga khasu n'kupala ndere zonse mpaka kutha psiti, kenako ndinazira khonde ndi dothi lakuda. Ndinadziyamikira ndithu, chitsiru ine.

Nditawatulutsa madzulo, anayang'ana pa njerwa paja kwa nthawi yaitali. Kenako anayang'ana ine.

"Zimeranso, bambo," ndinatero. "Mvula ikadalipo."

Anagwedeza mutu pang'ono kuvomera, mongofuna kuti mtima wanga ukhale pansi. Koma iwo ankadziwa bwino kuposa ine kuti timitu totere sitibwera m'sabata imodzi kapena ziwiri.

Amayi aja anabwera, anaimba, anapemphera, ndipo anayamikira ukhondo wa pakhomo panga. Kuyambira tsikulo amuna anga ankakana kutuluka. Ndikawagwira mkono kuti tipite pakhonde, ankangopukusa mutu. Anamwalira mu Malichi, ali m'chipinda.

Mpaka lero zimandiwawa. Munthu anatsala ndi kanthu kamodzi kokha, ine n'kukapala ndi khasu kuti alendo anditame.