Kachitofu kamene ndinakatsuka pa mjigo

Chaka chimene mwana wanga wamkazi anasankhidwa kupita ku yunivesite, kwathu kunalibe magetsi, ndipo mpaka lero kulibe. Mawaya amangodutsa pamwamba pa mudzi kulowera ku Mtakataka, foni timakatchajitsa ku msika. Ndiye za magetsi ine ndinkangodziwa kuti amaunikira, ndiponso kuti amapha, basi.

Mwanayo anatiuza kuti kumeneko sukulu sidyetsa ana. Amene makolo awo ndi opeza bwino amagula zophikaphika, enawo amadziphikira m'kakhitchini ka pahositelo, koma mbaula saloledwa kulowa nayo. Ife mpunga tinali nawo wolima tokha kudambo, nyemba zinalipo, usipa bambo ake ankadziwa kokaupeza. Chimene chinasowa ndi pophikira. Popanda pophikira, mwana akanamagona ndi njala thumba la mpunga lili pansi pa bedi.

Nkhaniyi ndinaipereka m'mapemphero ku mphakati, ndipo Mulungu sanachedwe. Mng'ono wanga amene anakwatiwa ndi aphunzitsi ku Mua anandiitana, n'kunditulutsira kachitofu ka magetsi ka poto mmodzi, kamene ana amati hotipuleti. Anakalumikiza kukhoma ine ndikuona, kanafiira, tinawiritsapo madzi a tiyi n'kumwa. Ndinabwera nako pamutu ndikuimba nyimbo za ku tchalitchi njira yonse.

Koma kuda kwake ndiye kunali kwina. Mafuta opserera, msuzi wouma wa zaka ndi zaka, m'mbali monse bii. Mumtima ndinati mwana wanga sangalowe ndi chinthu chotere pakati pa ana a m'tauni, angamati kwawo kulibe mayi. Tsiku loti mawa ulendo, iye atapita kukatsanzika kwa azakhali ake, ndinatenga kachitofuko pamodzi ndi mapoto kupita ku mjigo. Ndinakaviika m'beseni kuti litsiro lifewe, kenako ndinakakwecha ndi mchenga ndi phulusa monga timachitira ndi poto aliyense. Kanawala mpaka amayi anzanga pa mjigopo anandiyamikira. Ndinakayanika pathandala, kunja kwake kutauma ndinakakulunga m'chitenje n'kukaika m'jumbo. Mwana sindinamuuze, ndinkafuna akaone yekha akafika.

Ndinamuperekeza ndine, poti bambo ake anali ndi malungo. Pakhomo pa hositelo tinapeza mzere wa ana ndi makolo awo. Kutsogolo kunali tebulo, ndipo bambo wina wa ovololo anali ndi kamakina kofanana ndi wailesi, kokhala ndi timawaya topanira. Mlonda anatiuza kuti chilichonse chokhala ndi pulagi, kaya ayironi, ketulo, ngakhale tchaja, chiyenera kuyezedwa kaye chisanalowe, chifukwa chinthu chimodzi chakutha chingathe kuyatsa nyumba yonse ana ali m'tulo. Chabwino ankachimata kapepala kobiriwira. Choipa kapepala kofiira, ndipo chimenecho chinkabwerera ndi kholo.

Ine nkhawa ndinalibe. Ndinkaona maayironi a anzathu akuda ndi dzimbiri akudutsa, n'kumati nanga kathu kowala chonchi.

Nthawi yathu itakwana ndinamasula chitenje. Mwana anandiyang'ana, n'kuyang'ananso kachitofu. Bambo amagetsi aja anakanyamula n'kukapendeketsa kuti aone kunsi. Pamenepo m'timabowo munatuluka madzi otuwa, n'kudonthera patebulo pamodzi ndi mchenga.

"Mayi, kameneka kanagwera mumtsinje?"

"Iyayi bambo, sikanagwe. Ndinachita kukatsuka."

"Ndi madzi?"

"Ndi madzi, phulusa, ndi mchenga pang'ono."

Mnzawo amene ankamata mapepala anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Bambo amagetsi aja anangopukuta tebulo n'kunena kuti ndithu kwathu mapoto ayenera kuti amawala kuposa galasi. Anapana timawaya tawo, kamodzi ku pulagi, kena kuchitsulo cha kunja, n'kudina. Kamakina kanalira. Anandifotokozera mwachifatse kuti magetsi sakuyenda m'njira yake yokha, akuthawira kuchitsulo, ndipo munthu wogwira poto ali chosavala nsapato pasimenti ndiye angakhale njira yake yotsikira pansi.

Ndinawapempha kuti tikayanike padzuwa, poti dzuwa linalipo lambiri. Ndinawauzanso kuti kwa mng'ono wanga kanayaka bwinobwino, tiyi ndinamwa ndine. Sanandikalipire. Anatenga sikuludiraiva n'kutsegula kunsi kuti ndidzionere ndekha. M'katimo munali matope. Zokutira mawaya zinali zitauma kale ndi ukalamba, ndiye madzi ndi kukwecha kuja zinangomalizitsa, waya wina ali pamtunda. Anati madzi akhoza kuuma, koma waya ameneyo dzuwa silingamuveke, ndipo iwo sangaike dzanja lawo pa chinthu chimene mwana wa munthu azikachigwira tsiku ndi tsiku. Anamata kofiira.

Tinakwera masitepe ndi katundu. Pakona mwana anangoti, "Amayi, mukanandifunsa." Ndinagwira kolona m'thumba, koma mawu a pemphero sanabwere, m'mutu munali thumba la mpunga lokha.

M'chipindamo tinapeza mnzake wogona naye atafika kale ndi mayi ake, mayi wa tsitsi loluka bwino, makiyi a galimoto ali m'manja. Patebulo panali chitofu chatsopano cha mapoto awiri, kapepala kobiriwira kali pambali. Mayiwo anali pamzere paja patsogolo pathu, ndipo zonse anazimva akulongedza katundu wawo pambali. Tinapatsana moni, ine maso pansi.

Mwana atamasula thumba kuti alikankhire pansi pa bedi, fungo la mpunga linadzaza chipinda. Mayi aja anafunsa ngati ndi wa kunyanja, anatapako m'manja n'kununkhiza. Kenako anayamba kudandaula za mwana wawo, kuti chitofu amugulira koma ngakhale nyemba sadziwa kuti zimaikidwa mchere nthawi yanji, akamusiya azingodya tchipisi ndi mabanzi. Mtsikanayo anati amayi ake akumuyalutsa, dzira amatha kukazinga. Tonse tinaseka, ngakhale wanga uja.

Ndiye mayiwo anati bwanji ana aziphikira pamodzi, chitofu chawo, chakudya azisonkherana. Ndinakondwa, koma ndinaganiza kaye. Ndinaonapo ana a kumudzi akusanduka antchito m'nyumba za achibale m'tauni, zikuyamba ndi mawu okoma ngati omwewa.

"Mayi, ndathokoza kwambiri, Mulungu akudalitseni. Koma ndinene poyera. Uyu wabwera kudzaphunzira monga wanuyu. Asakhale wophikira mnzake, wina ali pabedi ndi foni."

Ndinkaganiza kuti ndawakhumudwitsa. Koma anatembenukira kwa mwana wawo n'kumuuza kuti wamva yekha, aziphika mosinthana, ndipo tsiku limene wapsereza adye zomwezo, mnzakeyo asamuphikire zina. Anapatsana manambala ndi mwana wanga n'kumuuza kuti ulesi ukayamba aziwaimbira iwo, osaopa.

Ndinabwerera pa minibasi, ndipo nditatsika ndinayamba ndapita kwa mng'ono wanga kukamuuza zimene amagetsi anapeza m'kati muja. Anakhala pansi n'kuchita chizindikiro cha mtanda, chifukwa ana ake ankaphikirapo phala m'mawa ali osavala nsapato.

Patapita milungu ingapo mwana anaimba foni. Ndinamufunsa ngati akudya. Anati akudya, mnzake uja mpunga wayamba kuutha, kungoti nyemba zake zimalimbabe. Anati nditumize usipa wambiriko ndi nsinjiro, poti pakamwa tsopano ndi pawiri, ndipo mayi aja atumiza mafuta ndi shuga. Ndinagwada pomwepo pakhonde kuthokoza, kenako ndinakauza bambo ake kuti m'mawa apope njinga akasake usipa.