Botolo la madzi a ku Dar

Anzanga, kodi munthu angazindikire madzi a pachitsime ngati muli mchere?

Atate, lero chatha chaka chimwalirireni inu. Mukumbuka botolo la madzi a m'nyanja lija munabwera nalo kuchoka ku Dar na amai, m'ma 1990, ine nisanabadwe? Nili mwana munanilawitsako pa chala, n'kumaseka kuti, "Amako anathawa mafunde, koma nsomba ya mu lesitilanti anamaliza yonse!" Dzulo popukuta kabati ninaligwetsa, atate, madzi onse n'kutayika. Ninathiramo a pachitsime na mchere. Manje vuto n'lakuti amai anasunga madziwo zaka zonsezi, ndipo afuna kukawaza pamanda panu lero.

Nisiyire pano, amai aniitana. Botolo lili kale m'manja mwao, ndipo alitsegula kuti alaweko.